Kapu Imodzi ya Ufa wa Kusikelo

Nkhudzi, Mangochi
6 Malichi 1988

Achimwene a Yasini,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino ku Blantyre kumeneko, ngakhale ife kuno sitikudziwa ngati mukadali moyo. Chichokereni mu Ogasiti, ngakhale kakalata kamodzi? Kapena mapepala anatha m'tauni? Amayi ku Chowe amandifunsa nthawi zonse, ine n'kumangowanamiza kuti mwapereka moni.

Kuno tili bwino, alhamdulillah, kupatula Keti wanu. Mwanayu akundidetsa nkhawa. Masana amasewera bwinobwino ndi anzake, koma kukangoyamba kuda amasanduka nkhalamba ya zaka zinayi. Amapunthwa pa mtondo, amayenda akupapasa khoma, ndipo dzana anaponda m'mbale ya ndiwo maso ali otsegula. Ndinamukalipira, kenako ndinaona kuti mbaleyo sanaione ndithu, ndipo ndinachita manyazi.

Anamwino akuti thupi lake likusowa vitamini A, ndizimupatsa phala la kusikelo. Koma achimwene, phala limenelo akudya tsiku ndi tsiku! Alamu anu a Jaffalie ndi amene amasunga makiyi a chipinda cha ufawo pa kachipatala kathu, ndiye tsiku logawa sitingaliphonye. Musaganize kuti timalandira wambiri. Keti amalandira wa pa khadi lake ngati mwana wina aliyense, paja alamu anu amatsata malamulo mpaka kukwiyitsa. Pa matumba analembapo kuti ufawo ndi wosakaniza chimanga, soya, mkaka ndi mavitamini. Nanga bwanji sukugwira ntchito? Si Keti yekha, ana ena atatu m'mudzi muno akuchita chimodzimodzi.

Inu mumati ntchito yanu ndi yoyesa zakudya. Tithandizeni nzeru pamenepa, osamangothandiza a m'tauni. Mwini mbumba ndinu, ndikapanda kuuza inu ndiuza ndani?

Ine mlongo wanu,
Mwanamvua

Alamu, ndine Jaffalie, ndangolanda cholembera. Mlongo wanuyu akayamba kudandaula ngakhale nkhuku zimathawa pakhomo. Mwana achira, inshallah. Mukamabwera mudzatitengere mabatire a wailesi, a kuno amatha nyuzi isanathe.

Blantyre
19 Malichi 1988

Mlongo wanga Mwanamvua,

Waleikumu salamu. Kalata yako ndalandira, chitonzo chakenso ndalandira. Ndili moyo. Kungoti kuntchito atibweretsera makina atsopano, ndipo amene anamuphunzitsa kuwagwiritsa ntchito ndine ndekha. Ndimatuluka mu labotale msana ukuwawa, kufika kunyumba kungogwera pamphasa.

Dzina la makinawo ndi sipekitirofotomita. Usayese kulitchula, ungalume lilime. Ndi bokosi lotuwa, kukula kwake ngati sutikesi ya malata ya amayi ija. M'kati mwake muli nyale zotulutsa kuwala kwa mitundu iwiri, kumene timakuona ndi kwina kumene maso a munthu sakuona. Ndikafuna kudziwa vitamini amene ali mu ufa wosakaniza ngati wanuwo, ndimayamba ndauviika m'mankhwala mpaka vitaminiyo atasiyana ndi chimanga, soya ndi zina zonse, n'kulowa m'timadzi toyera. Timadzito ndimathira m'kabotolo kochepa ngati chala, n'kukaika m'bokosi muja kuti kuwala kudutsemo.

Tsono vitamini aliyense ali ndi kuwala kwakekwake kumene amamwa. Vitamini A amamwa kuwala kwa pa nambala 325 ya makinawo. Akachuluka amamwa kwambiri, kuwala kotulukira mbali inayo kumachepa, ndipo cholembera cha makina chimajambula phiri lalitali papepala. Akachepa chimajambula kachulu. Ine ndimangofanizira ndi phiri la vitamini amene ndamuyeza ndekha pasikelo, basi ndadziwa kuchuluka kwake. Makina amenewa sanama, Mwanamvua, ndipo sadziwa kuti uyu ndi mwana wa ndani. M'tauni muno mmene aliyense amayankhula atayamba wacheuka, chinthu chotere chimandipumitsa mtima.

Ntchito yake imafuna kudekha. Vitamini A ndi wamanyazi ngati mkwatibwi, safuna kuonedwa ndi kuwala. Timatseka makatani masanasana, mabotolo athu onse ndi abulauni, moti anzanga a m'zipinda zina anandipatsa dzina loti Kadzidzi.

Chita izi. Unditumizire kapu imodzi ya ufa womwewo umene Keti akudya. Uike m'kachitini kotseka bwino, upatse a Simioni a lole ya usipa akamabwera ku Limbe. Ndidzauyesa nthawi ya nkhomaliro, palibe adzadziwe. Pakadali pano uzimupatsa mapapaya, nkhwani, ndi chiwindi cha nsomba ukachipeza. Alamu uwauze kuti mabatire ndamva.

Mchimwene wako,
Yasini

Nkhudzi
2 Epulo 1988

Achimwene a Kadzidzi,

Moni. Ufa ndi umenewo, ndaika m'chitini cha majarini, ndamanga ndi kansalu. Musataye chitinicho, ndimasungiramo mchere.

Kalata yanu tinawerenga awiri, alamu anu akuseka mpaka kutsokomola. Akuti sukulu yonse ija munaphunzira kuti muzikhala mumdima n'kumajambula zulu? Ine ndinawauza kuti asiye, mwina m'zulumo mutuluka inswa. Zoona zake ndimanyadira, kungoti sindingakuuzeni pamaso.

Mapapaya akudya. Nkhwani amalavula, koma ndimamugwira mphuno. Mundiyankhe msanga.

Mwanamvua

Blantyre
16 Epulo 1988

Mwanamvua,

Moni kwa iwe, kwa alamu ndi kwa Keti. Ufa uja ndauyesa katatu, ndipo katatu konse cholembera chajambula kachulu. Pamene pamayenera kukhala magawo asanu a vitamini pali gawo limodzi lokha. Mwana angadye phala lotero chaka chathunthu, maso osasintha.

Poyamba ndinaganiza kuti mwina ufa wonse unabwera choncho kuchokera kunja. Ndinatenga wa m'thumba losatsegula limene tinasunga kuno pamene ufawo unkalowa m'dziko, ndipo umenewo phiri lake ndi lathunthu. Ndiye kuti vitamini watayika penapake pakati pa Blantyre ndi mbale ya Keti. Sindikudziwa kuti pati, koma zandivutitsa maganizo sabata yonse.

Pali kanthu kena kakang'ono. Lamulo la kuno ndi lakuti nyale ya makina ikayaka, ulembe m'buku chimene wayesa ndi kumene chachokera, poti nyaleyo ili ndi maola ake ndipo ikapsa yina imachokera kutali. Ine ndinali nditanena kuti palibe adzadziwe, koma dzanja linangolemba lokha mwa chizolowezi, dzina la chipatala chanu ndi tsiku lomwe. Bwana wanga, a Macloud, aona. Anandifunsa mafunso awiri atatu n'kutenga pepala la kachulu lija. Akuti mwezi wamawa kukubwera alendo amene anapereka ufawo, ndiye akuluakulu akufuna kuoneka kuti ali maso.

Usade nkhawa. Mwinanso zithandiza, akutumizireni ufa wina wabwino. Ramadani yayandikira, Mulungu atipatse mphamvu tonse.

Yasini

Nkhudzi
9 Meyi 1988

Achimwene,

Kalata iyi ndapatsa a Simioni pamanja. Musayankhe kudzera ku positi.

Alamu anu awatenga. Lachinayi masana kunabwera galimoto ndi anthu anayi, awiri ovala masuti. Anawapeza akugawa ufa, amayi ali pamzere ndi ana kumbuyo. Anawalanda makiyi, anawavula kofia n'kuiponya pansi, n'kuwakankhira kumbuyo kwa galimoto. Munthu ali pa kusala, kuyambira m'mawa osalawa ngakhale dontho la madzi. Ine ndinali kunyumba ndikusenda chinangwa cha futari. Pamene ndinkafika ndinangopeza fumbi ndi kofia ija, mayi wina ataitola n'kuigwira ngati yotentha.

Akuti ankaba ufa wa ana n'kumagulitsa, pamalo pake n'kumathiramo mgaiwa kuti matumba aoneke odzaza. Akuti kumeneko si kuba chabe, ndi kuchititsa dziko manyazi pamaso pa alendo. Mukudziwa kumene mawu otere amamufikitsa munthu, ndipo mukudziwa kuti kumeneko kulibe khoti.

Ndapita ku boma kawiri. Pakhomo amayamba afunsa khadi la Chipani, ndikaonetsa amandikhazika pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Palibe akundiuza kumene ali. Ulendo wachiwiri bambo wina wandevu zoyera anandimvera chisoni, anati, "Mayi, pitani mukalere mwana. Amuna anu anagwidwa ndi makina a ku Blantyre, pamenepo palibe kukana."

Anthu amene tinkamwa nawo tiyi, pano amapatuka akandiona. Sindikuwada, nanenso ndikanatero. Keti amafunsa bambo ake, ndimamuuza kuti apita ku Monkey Bay kukadikira sitima.

Achimwene, ndikufunsani funso limodzi. Ku Blantyre makina otero alipo angati? Munandilembera nokha kuti amene amawadziwa ndinu nokha.

Mwanamvua

Blantyre
21 Meyi 1988

Mlongo wanga,

Makinawo ndi amodzi, ndipo dzanja linali langa. Sindikubisira.

Lipoti lowaneneza alamu sindinalembe ine. Ine ndinapereka manambala, a Macloud anawonjezera mawu, ena pamwamba pawo anawonjezeranso awo. Pofika kumapeto, kapu yako ya ufa inali itasanduka mbava. Nditalandira kalata yako ndinalowa mu ofesi yawo osagogoda. Ndinati munthu amene atengedwayo ndi mlamu wanga. Anandifunsa kuti, "Yasini, unayesa bwino kapena unalakwitsa?" Ndinati ndinayesa bwino. Anati, "Ndiye mawu oti mlamuwo usawatchulenso m'nyumba muno, ungamutsatire."

Idi ndinadyera m'chipinda changa ku Bangwe, chitseko chotseka. Ndinafuna kukwera basi kubwera kumeneko, koma ndikuona ngati pali amene akuwerenga mapazi anga, ndipo ndikafika pakhomo pako ndikuwonjezera moto.

Tsopano ndikufunse chinthu, usakwiye. Ndabwereza kuyesa ufa wotsala m'chitini chako, ndasintha mankhwala, ndatsuka timabotolo, ndayesa ngakhale makinawo ngati ali bwino. Yankho ndi lomwe lija. Vitamini sauluka yekha m'thumba. Kodi sizingatheke kuti alamu anapanikizika penapake, iwe osadziwa? Kapena pali wina amene ankabwereka makiyi? Ukandiuza zoona ndidziwa poyambira. Ngati anali wina, tingamutchule, alamu n'kutuluka.

Ndikudziwa kuti funso ili likupweteka. Nanenso landipweteka polemba.

Yasini

Nkhudzi
4 Juni 1988

A Yasini,

Mwafunsa ndithu? Mwakhala pansi, mwatenga cholembera, n'kufunsa ngati a Jaffalie ndi mbava? Munthu amene anakana kupatsa mwana wake supuni imodzi yoposa ya pa khadi, mwanayo akupapasa khoma pamaso pake? Munthu amene makiyi amagona nawo m'thumba la kabudula? Sukulu yakuchotsani nzeru, achimwene. Ndinalira ndi mkwiyo, osati chisoni.

Matumba amenewo ndimawadziwa lililonse, analipo makumi anayi ndi awiri. Mukufuna zoona, imvani. Anabwera mu Januwale pa lole yosafunditsidwa bwino, mvula ikuwakuntha kuyambira ku Liwonde. Anafika onyowa, ena atayamba kale fungo la chuku. Alamu anu anasowa mtendere. Ankati ufa ukaola adzati ndine wosasamala, ana adya chiyani mpaka lole yina? Ine ndinawauza kuti nkhani ya ufa wonyowa si ya amuna, atisiyire amayi.

Mvula itangodula ndinaitana anzanga anayi. Tinamasula matumba onse, tinayala mikeka kuseri kwa chipatala, n'kuuyanika mopyapyala monga timachitira ndi ufa wochokera kuchigayo. Masiku asanu ndi limodzi, dzuwa la kuno mumalidziwa. Tinkautembenuza ndi manja, tikuthamangitsa nkhuku ndi mbuzi, kukachita mdima wa mvula tikuthamanga nayo mikeka. Khungu la kumsana kwanga linasupuka. Unauma gwa, n'kuyera kuposa mmene unabwerera. Tinausefa, tinaubwezera m'matumba, tinasoka. Alamu anu anayeza thumba lililonse pasikelo ya ana, ataimirira pomwepo ngati msilikali. Palibe anatenga ngakhale wodzaza chikhatho. Pambuyo pake ukayamba kuchita chinyontho tinkaubwezanso padzuwa, kuopa anankafumbwe.

Ufa umenewo tinaupulumutsa ndife, popanda wotilipira, popanda wotithokoza. Lero akuti tinaba. Pitani mukawauze makina anu osanamawo zimenezi.

Mwanamvua

Blantyre
25 Juni 1988

Mwanamvua, mlongo wanga,

Undikhululukire, ndipo alamu adzandikhululukire. Kalata yako ndinawerengera pamsika wa Limbe a Simioni atangondipatsa. Nditafika pa nkhani ya mikeka ndinangokhala pa thumba la usipa la mwini wake mpaka anandidzutsa.

Alamu sanabe. Palibe anaba. Vitamini anapsa ndi dzuwa.

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinafuna umboni. Ndinatenga ufa wabwino uja, ndinauyala mopyapyala pa thireyi, n'kumauika padenga la labotale. Madzulo aliwonse ndinkatapa pang'ono n'kuyesa. Tsiku loyamba phiri linatsika pang'ono. Tsiku lachinayi linatsala theka. Kuno kuli chiperoni, dzuwa lake ndi lofooka, komabe pofika tsiku lakhumi cholembera chinajambula kachulu komwe kaja ka m'chitini chako. Ndinayesanso soya ndi mkaka mu ufa wako, zonse zilimo zokwanira. Ukanakhala wothiridwa mgaiwa, zimenezonso zikanachepa. Mu Epulo sindinaziyese, poti palibe anandiuza kuti nditero.

Chondiwawa kwambiri ndi ichi. Vitamini wopsa ndi dzuwa amasiya chizindikiro papepala, kamtunda kena kamatukuka kumanzere kwa phiri. Ufa wongosungunulidwa ndi mgaiwa sutero, phiri limangofupika. Ndabwerera ku mapepala anga a mu Epulo, kamtunda kaja kalipo pa onse amene ndinatsala nawo. Ndinakaona nthawi imeneyo, ndinati ndi litsiro la m'kabotolo. Ine amene ndimatseka makatani tsiku ndi tsiku, ine amene ndinakula ndikuthamangitsa nkhuku pa ufa wa amayi ku Chowe, sindinaganize zokufunsa ngati unauyanika. Makina sananame. Anandiuza zonse, ine ndinamva theka.

Ndinapita nazo kwa a Macloud. Anayamba atseka chitseko. Si munthu woipa, ndi munthu wamantha amene ali ndi ana asanu ndi awiri. Anaona mapepala onse, anavomereza kuti ndi zoona. Kenako anati lipoti loyamba linawerengedwa kale pamsonkhano, anthu anaomba m'manja. Kuti libwezedwe pafunika lina lonena kuti ufa sunabedwe koma unawonongedwa, ndipo katundu wa boma sawonongeka yekha, pamafunika dzina la amene anamasula matumba. Wosunga makiyi akalekerera, chilango chake n'kuchotsedwa ntchito basi. Koma munthu wamba amene anang'amba ulusi wa matumba a boma, akhoza kumutcha dzina lililonse limene angafune tsiku limenelo. Ndinati ndilemba kuti amayi a m'mudzi. Anati ndikatero akatenga mudzi wonse n'kukasankhira komweko.

Anandiuzanso chinthu china chimene anamva kwa mnzawo. Akuti masabata onsewa alamu akufunsidwa, yankho lawo ndi limodzi: sanabe, ndipo palibe munthu wina amene anakhudza matumba amenewo kupatula iwo. Za mikeka sanatchulepo. Akubisa iwe, Mwanamvua, osadziwa kuti chimene akubisacho ndi chimene chikanawatulutsa.

Dzina lako sindilemba. Malemu atsibweni anandisiyira mbumba kuti ndiisunge, osati ndiziipereka mmodzimmodzi. Ndapereka kale mlamu. Ndipatse nthawi, ndifunafuna njira ina. Kalatayi uiwotche.

Yasini

Nkhudzi
9 Julayi 1988

Achimwene,

Moni. Kalata ndawotcha, koma ndinayamba ndaiwerenga mpaka kuiloweza.

Masiku awiri sindinadye. Ndinkangoona manja anga akutembenuza ufa uja, ndikuimba, ndikuseka ndi anzanga. Mawu anu aja a mkwatibwi wamanyazi ndinawawerenga mu Malichi, ndinaseka, ndipo mawa lake lomwelo ndinatulutsa matumba atatu padzuwa. Ndiye musadzitenge nokha kukhala chitsiru cha banja lino, tilipo awiri. Ana anayi m'mudzi muno akupapasa makoma chifukwa cha khama langa. Mwamuna wanga ali kumene aliko chifukwa cha khama langa.

Sindinakudikireni. Lolemba ndinapita ku boma, ndinaonetsa khadi, ndinakhala pabenchi, ndipo atandiitana ndinanena zonse. Ndinati ufa ndinayanika ndine, vitamini anapsa, nditengeni ine. Mukudziwa chimene anachita? Anaseka. Wina anaitana mnzake kuti adzamve. Anati, "Mayi, chiyambire ufa umayanikidwa, ndani anamva kuti unapsa ndi dzuwa? Chikondi chisakunamizitseni." Ndinaumirira. Wamkulu wawo anasiya kuseka, anati iwo samva za pakamwa, nkhaniyi inabwera ndi pepala lodinda la ku Blantyre ndipo ingasinthe ndi pepala lodinda la ku Blantyre. Anatinso ndikabweranso ndi nthano adzandisunga chifukwa chowatayitsa nthawi.

Ndiye mwaona. Ine pakamwa ndili napo koma palibe akundimva. Inu akhoza kukumvani koma mwatseka pakamwa.

Lembani dzina langa. Langa lokha, Mwanamvua Sumani. Anzanga anayi aja musawatchule, anabwera chifukwa ndinawaitana ine. Keti ndakamusiya kwa amayi ku Chowe ndi zovala zake zonse. Maso ake ayamba kusintha, mapapaya aja athandiza, ndipo kwa amayi mitengo yake ilipo iwiri. Amayi ndawauza zonse. Anangomutenga mwana n'kumubereka, chikhalirecho ndi wamkulu.

Mukuti mukusunga mbumba. Mukusunga chiyani, achimwene? Mkazi wokhala m'nyumba yotseka, amene anthu amaopa kumupatsa moni, amene akudziwa kuti mwamuna wake akumenyedwa m'malo mwake? Kunoko ndili kale m'ndende, kungoti ya kuno ndimadziphikira ndekha. Njira ina imene mukuifunayo kulibe, ndipo mukudziwa.

Mwanamvua

Nkhudzi
20 Ogasiti 1988

Achimwene,

Masabata asanu ndi limodzi. A Simioni akuti kalata anakupatsani m'manja, munaika m'thumba la jekete osatsegula, ndipo maulendo awiri otsatira simunaoneke pamsika. Ulendo wachitatu akuti anakuonani patali, mutaima kuseri kwa ogulitsa tomato, kenako munabwerera. Mukundithawa ine kapena mukuthawa pepala?

Ndamva za alamu anu. Bambo wina wa ku Malindi amene anali nawo malo amodzi watuluka, ndipo anatuma mkazi wake kudzandinong'oneza pachitsime. Alamu anu ali moyo. Miyendo yatupa, akutsokomola, mano awiri akutsogolo palibe. Akuti amaswali atakhala pansi chifukwa kugwada sakutha. Anamutuma bamboyo kuti andiuze kuti ndisadandaule, ndisunge mwana, ndipo ndisanene kanthu kwa aliyense. Mwamva? Akuganizabe kuti akundipulumutsa.

Nonse awiri mukundisunga. Wina akundisunga ndi mano ake, wina ndi cholembera chake, ndipo palibe wandifunsa ngati ndikufuna kusungidwa motere. Ndatopa nazo, achimwene. Nyengo yotentha ikubwera, ndipo bambo uja akuti m'chipinda chawo amagona anthu makumi atatu. Chifuwa chimenecho sichidikira kuti mtima wanu ukhazikike.

Sindikupemphaninso. Akafera kumeneko pepala lili m'kabati mwanu, ine ndidzakhala ndi moyo, inde, koma mlongo simudzakhala naye.

Mwanamvua

Blantyre
3 Seputembala 1988

Mlongo wanga Mwanamvua,

Salamu aleikumu. A Simioni sananame, ndinkakuthawa. Makalata ako onse awiri ndinawerenga. Masabata onsewa lipoti linali lolembalemba, pamalo pa dzina pokha ndi pamene panali mpata. M'mawa uliwonse ndinkalitulutsa, n'kulibwezera. Ndinayesa njira zina. Ndinapita kwa munthu wina wodziwika amene tinaphunzira limodzi, anandilandirira pakhonde ndipo sanandipatse mpando. Ndinapempha a Macloud kuti tilembe dzina langa, anati ine sindinali ku Nkhudzi mu Januwale ndipo bodza limodzi likhoza kugwetsa zoona zonse zili m'menemo.

Dzulo nditachoka ku mapemphero a Ijumaa ndinalemba dzinalo. Masamba atatu, ndi mapepala onse a makina kuyambira phiri mpaka kachulu, tsiku ndi tsiku. Dzina lako lili pa tsamba lachiwiri, lokha, monga unanenera. Ndalembamo kuti unachita zimene mayi aliyense wa kwathu akanachita ndi ufa wonyowa, kuti pa matumba panalibe mawu oletsa, ndiponso kuti kulakwa koyamba kunali kwa woyesa amene sanawerenge bwino pepala lake. Pansi ndasaina ine. A Macloud anawerenga kawiri, anapukuta magalasi, anadinda. Sindinkayembekezera kuti adinda. Lapita ndi mesenjala dzulo lomwelo, ndinaima pawindo mpaka njinga yake itakhota.

Ndinawafunsa a Macloud kuti tsopano chichitike n'chiyani. Anati sakudziwa. Mwina awatulutsa alamu. Mwina abwera kudzatenga iwe. Mwina ayamba ndi ife kuno, poti tawauza akuluakulu kuti anaombera m'manja chinthu cholakwika. Mwinanso lipotilo likagona m'kabati ya munthu mpaka tonse tikalambe.

Ndine mwini mbumba amene walemba dzina la mlongo wake n'kulipereka ndi manja awiri. Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Ndikuopa, Mwanamvua, ndipo sindinaopepo chonchi. Amayi uwauze kuti ndinachita zimene unandituma, usawauze kuti ndinachedwa.

Kuyambira Lolemba uzikhala pafupi ndi nyumba. Ukamva galimoto ikukhotera njira ya kwanu, usathawe, komanso usaithamangire. Usunge madzi ndi zovala zoyera za alamu. Ulongedzenso kachikwama kako, uikemo chitenje chofunda ndi sopo, ukaike pafupi ndi chitseko. Yobweretsa alamu ndi yodzatenga iwe ikhoza kukhala galimoto imodzi yomweyo.

Ine mchimwene wako,
Yasini